WOSAMUKIRA KU MASAMBA ATSOPANO ASAFIKIRE PATCHIRE

Pa 4 Okutobala 2021 masamba a mchezo a Facebook, WhatsApp ndi Instagram adazima pa dziko lonse lapansi kwa maola pafupifupi 6. Kuno ku Malaŵi zimenezi zidachitika kuyambira chakumadzulo mpaka pakati pa usiku, kotero kuti anthu ambiri adangogona n'kudzuka zonse zili m'malo mwake. Koma kukadakhala kuti kudali m'maŵa wa tsiku la ntchito, mlangizi wa zaumoyo wa ku Nayuchi, mphunzitsi wamkulu wa ku Ulongwe ndiponso mlembi wa komiti ya chitukuko ku Ntaja akadasoŵa poponyera uthenga. Zifukwa zake n'zodziŵikiratu. Kuitanirana misonkhano, kutumiza malipoti, kulengeza maliro, ngakhale kuchenjezana za madzi osefukira, zonsezi masiku ano zimadutsa m'magulu a pa WhatsApp. Masamba atatuŵa mwini wake ndi mmodzi, kampani ya ku America imene tsopano imatchedwa Meta. Anthu oposa 700,000 amene adaŵerengedwa m'boma la Machinga pa kalembera wa 2018, ndi enanso oposa 400,000 a m'boma la Balaka, alibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi mau pa kayendetsedwe ka kampani imeneyo. Munthu wokhala m'nyumba ya lendi amakhala mwa ufulu ndithu, kufikira tsiku limene mwini nyumba wasintha maganizo.

Pali mtundu wina wa masamba a mchezo umene ulibe mwini mmodzi. Wodziŵika kwambiri mwa iwo ndi Mastodon, amene adayambitsidwa mu 2016 ndi Eugen Rochko wa ku Germany. Kachitidwe kake n'kotere: munthu aliyense, sukulu, mpingo kapena khonsolo angathe kukhazikitsa seva yakeyake, kuika malamulo ake ndi kusankha oiyang'anira. Maseva ameneŵa, amene alipo zikwi zingapo, amalankhulana kudzera m'njira imodzi yotchedwa ActivityPub, imene idavomerezedwa mu 2018 ndi W3C, bungwe loika miyezo ya pa intaneti. Monga momwe munthu wa nambala ya TNM amaimbira mnzake wa Airtel popanda kusintha khadi, momwemonso wolembetsa pa seva ina amatsatira ndi kuyankha mnzake wa pa seva ina. Seva iliyonse ili ngati mudzi wokhala ndi mfumu yake ndi miyambo yake, koma njira zopita ku midzi yoyandikana nayo n'zotseguka.

Kwa ogwira ntchito m'Boma ganizo limeneli silachilendo ayi. Mu 1998 dziko lino lidakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, ndipo m'chaka chomwecho Balaka adapatulidwa ku Machinga n'kukhala boma palokha, kuti munthu wa kwa Kalembo kapena kwa Nsamala asamayende ulendo wautali pofuna thandizo la ku ofesi. Ngati n'koyenera kuti za mjigo ndi mlatho zizikambidwa kumudzi komweko, m'makomiti a VDC ndi ADC, palibe chodabwitsa kufunsa kuti bwalo lokambirana nkhanizo likhalenso m'manja mwa eni mudzi.

Komabe pamenepa m'pamene pagona nkhani. Kumanga mudzi watsopano n'kwapafupi kuposa kukhazikamo anthu. Mu Okutobala 2022, Elon Musk atagula Twitter ndi ndalama zokwana madola 44 biliyoni, anthu ambiri osakondwa adathamangira ku Mastodon, ndipo chiŵerengero cha ogwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi chidakwera kuchoka pa anthu osafika theka la miliyoni kufika pa 2.5 miliyoni m'masabata ochepa okha. Chaka cha 2023 chisanapite patali, gawo lalikulu la anthu ameneŵa lidali litabwerera kumene lidachoka. Makina adali kuyenda, ngakhale kuti nthaŵi zina ankalemedwa ndi khamu. Chimene chidavuta ndi chakuti mlendo, asanalembe ndi dzina lomwe, ankafunsidwa kuti asankhe seva, pamene iye sadali kudziŵa kuti seva ndi chiyani. Akaloŵa ankapeza tsamba lake lili mbee, chifukwa Mastodon sasankhira munthu zoti aŵerenge. Amangomuonetsa zolemba za anthu amene iye mwini wasankha kuŵatsatira. Anzake akale sankaŵapeza. Ndipo m'maseva ena eni mudzi, m'malo momulonjera, ankayamba ndi kumudzudzula chifukwa cholakwira miyambo imene palibe adamuuza. Mu Meyi 2023 oyendetsa Mastodon adavomera phunzirolo ndipo adasintha kalembetsedwe kuti mlendo azifikira kaye pa seva imodzi yaikulu, n'kudzasankha kwina pambuyo pake. A Bluesky, tsamba lina la cholinga chofanana ngakhale njira yake ndi ina, mu 2024 adabweretsa mndandanda wa maina umene munthu wakale amakonzera mlendo, kuti mlendoyo akangodina kamodzi atsatire anthu ambiri nthaŵi imodzi.

Anthu a ku Machinga ndi Balaka safunika kupita ku Ulaya kuti akamve zimenezi, pakuti adaziona ndi maso pa dothi lenileni. Kuyambira mu 2004 mpaka 2011 Boma, mothandizidwa ndi Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, lidayendetsa ntchito ya Kudzigulira Malo. Mabanja osoŵa minda ankapangana m'magulu, kusankha okha komiti yawo, kufunafuna esiteti yogulitsidwa, ndi kugula malowo ndi ndalama zothandizira zokwana madola 1,050 pa banja lililonse, zimene mbali ina idali ya malo, ina ya ulendo, ina ya zipangizo za ulimi. Ntchitoyi idayambira ku Mulanje, Thyolo, Machinga ndi Mangochi, ndipo pambuyo pake idafika ku Balaka ndi ku Ntcheu. Mabanja oposa 15,000 adalandira pafupifupi mahekitala aŵiri lililonse, ndipo ofufuza adapeza kuti zokolola zawo zidakwera. Imeneyi idali ntchito yabwino, ndipo palibe chifukwa choipeputsira. Koma ofufuza omwewo adaonanso kuti kupeza madzi abwino, sukulu ndi chipatala kudakhalabe kovuta m'malo ambiri atsopanowo. Banja lochoka pakati pa minda ya tiyi, lozoloŵera mvula ya ku Thyolo ndi chilankhulo cha kwawo, linkafika pa malo otentha, pakati pa anthu olankhula Chiyao, pansi pa mfumu yosalidziŵa. Kumene mfumu ndi anthu ake adatuluka kukalandira alendo, kuŵalozera malire, chitsime ndi manda, alendowo adamera mizu. Kumene adangotsitsidwa m'lole n'kusiyidwa ndi chikalata cha malo m'manja, mikangano ya malire idabuka, ndipo ena adamanga katundu n'kubwerera kwawo.

Tsono ngati khonsolo, sukulu ya aphunzitsi, bungwe la alimi kapena gulu la achinyamata lingaganize zosamutsira zokambirana zake ku bwalo lodziyendetsera lokha, chinthu choyamba kuchisankha si makina koma anthu olandira alendo. Wolandira alendo akhale munthu wodziŵika, wopezeka, wosatopa ndi funso limodzimodzi lofunsidwa kakhumi. Safunsa adadya phula, amatero akuluakulu, koma munthu amafunsa kumene sasekedwa. Mlendo asauzidwe kuti “sankhani seva”. Auzidwe kuti “a kwathu tili apa”, ndipo zina adzaziphunzira atakhala pansi. Tsiku loyamba lomwelo apatsidwe maina a anthu makumi aŵiri kapena atatu oti aŵatsatire: mlangizi wa zaulimi wa dera lake, a ofesi ya zanyengo, anzake a ku ntchito. Alembe mau ochepa odzidziŵitsa, ndipo akalemba pakhale woyankha. Tsamba lopanda woyankha lili ngati nyumba yogogoda usiku wonse. Malamulo a pa seva alembedwe m'Chicheŵa ndi m'Chiyao, mwachidule, ndipo woyang'anira akhale womva zilankhulo zonse ziŵiri, chifukwa chipongwe cholembedwa m'Chiyao sichingaweruzidwe ndi munthu wa ku Berlin. Apa m'pamene pali phindu lenileni la masamba otere, pakuti makampani aakulu aja akhala akudzudzulidwa kwa zaka zambiri chifukwa chochepekedwa oyang'anira odziŵa zilankhulo za mu Africa.

Wolandira alendo anenenso zoona, ngakhale zosakoma. Makampani a foni amagulitsa mabandulo otsika mtengo a WhatsApp ndi Facebook paokha, pamene masamba ena ambiri amadya bandulo wamba. Kwa mai wogulitsa mpunga pa Nsanama kusiyana kumeneku si kwamaseŵera, ndipo amene angamunyoze kuti safuna chitukuko sadziŵa mtengo wa sopo. Chachiŵiri, uthenga wotumizidwa kwa munthu mmodzi pa Mastodon subisika monga umabisikira pa WhatsApp. Mwini seva atafuna angathe kuuŵerenga. Wogwira ntchito m'Boma aliyense, makamaka wa m'chipatala ndi wa m'maofesi osunga maina a olandira thandizo, ayenera kumva zimenezi asanalembe kanthu, poti lamulo loteteza mbiri ya anthu la 2024 silisiya kugwira ntchito chifukwa chakuti seva ndi ya kumudzi. Chimodzimodzinso lamulo la 2016 lokhudza za pa intaneti: mau oopseza ena ndi mlandu kulikonse kumene alembedwa. Chachitatu, munthu akafuna kuchoka pa seva ina kupita pa ina, omutsatira amasamuka naye, koma zimene adalemba kale zimatsala komweko. Walira mvula walira matope.

Pali chenjezo linanso lochokera ku Nigeria. Mu Juni 2021 boma la dziko limenelo lidatseka Twitter, ndipo maofesi ake adasamukira ku tsamba la ku India lotchedwa Koo. Chiletsocho chidachotsedwa mu Januwale 2022, ndipo mu Julayi 2024 kampani ya Koo idatsekeratu ntchito zake. Kumeneko kudali kungochoka m'nyumba ya lendi n'kuloŵa m'nyumba inanso ya lendi. Koma seva ya kumudzi nayonso ingathe kufa, ndipo imafa msanga ikakhala pa mapewa a mnyamata mmodzi wodziŵa makompyuta amene maŵa angasamutsidwe kupita ku Karonga. Mutu umodzi susenza denga. N'chifukwa chake oyendetsa Mastodon, asanaike seva pa mndandanda wa zimene amalozerako alendo, amafuna kuti mwini wake alonjeze zinthu zingapo: kusunga zolemba zonse pa malo ena tsiku ndi tsiku, kukhala ndi munthu wina wachiŵiri wokhoza kuloŵa m'makinawo pakagwa zadzidzidzi, kuletsa mau a tsankho, ndi kuchenjeza anthu miyezi itatu seva isanatsekedwe. Khonsolo iliyonse yoganiza za ntchitoyi ionjezepo funso la ndalama. Seva imalipiridwa mwezi ndi mwezi, kaŵirikaŵiri m'ndalama zakunja, ndipo aliyense akukumbukira kuti mu Novembala 2023 Kwacha idachepa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndalama zimenezi zikhale ndi mzere wake m'bajeti, zisamachoke m'thumba la munthu wachifundo.

Maboma ena adayesa kale. Boma la Germany ndi la Netherlands ali ndi maseva awoawo olengezerapo za ntchito zawo, ndipo palibe kampani imene ingatseke pakamwa pawo kapena kuŵabisa chifukwa sadalipire malonda. Koma ngakhale iwo sadataye njira zakale tsiku limodzi, ndipo kuno kuchita motero kungakhale kupusa kwenikweni. Namondwe Freddy atagunda chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, magetsi adazima ndipo mafoni ambiri adathera moto. Uthenga udayenda pa wailesi, pa njinga ndi pakamwa pa mafumu. Anthu ambiri a kwa Ngokwe, kwa Chikweo ndi ku Utale alibe foni yoloŵera pa intaneti, ndipo uthenga wa Boma uyenera kuŵafika iwonso chimodzimodzi. Bwalo latsopano likhale loonjezera, ndipo uthenga uliwonse wofunika uziikidwa konsekonse kufikira anthu atazoloŵera.

Atsogoleri a m'nthambi ndi m'madera akumbukirenso kuti bwalo lokhazikitsidwa ndi ndalama za khonsolo ndi la nzika zonse. Woyang'anira amene angachotse munthu chifukwa chofunsa za ndalama za mlatho, kapena chifukwa cha mtundu wa nsalu imene amavala pa msonkhano, adzabalalitsa alendo msanga kuposa bandulo yokwera mtengo, ndipo maseva ena ali ndi mphamvu yodula ubale ndi seva ya khalidwe lotere, kotero kuti anthu ake amatsala akulankhula okhaokha. Wochotsedwa auzidwe mlandu wake, ndipo pakhale kumene angakadandaule.

Ntchito ingayambe ndi gulu laling'ono, monga aphunzitsi a zoni imodzi ku Liwonde kapena alangizi a zaulimi a ku Phalula, kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi olandira alendo aŵiri otchulidwa maina pa msonkhano. Miyeziyo ikatha aŵerengedwe amene akulembabe, osati amene adangolembetsa, ndipo amene adasiya afunsidwe mmodzimmodzi chimene chidaŵabweza. Pakadali pano mlembi wa komiti iliyonse ya VDC ndi ADC alembe maina ndi manambala a foni a mamembala ake onse m'kope, ndipo kopelo lisungidwe kwa wapampando mvula isanayambe.