Mapanga awiri avumbwitsa

Ana anga a kuno kwa Mburuma, ndi inu omwe munapita ku Lusaka kukasaka ndalama, lolani nkhalamba ilankhuleko. Dzina la Yesu silinafike dzulo m'chigwa chino. M'chaka cha 1856, David Livingstone atafika pomwe Luangwa amathira m'Zambezi, anapeza mabwinja a tchalitchi cha Apwitikizi, belu lake lili pansi, losweka. Makoma analipo, opemphera munalibe. Izi zimandiopsa kuposa ng'ona: chikhristu chitha kufika pamalo, kumanga ndi miyala, n'kuchoka osasiya mbewu mumtima wa munthu.

Usiku umenewo mzunguyo ankaopa makolo athu, anthu a Mburuma, omwe anali ndi chifukwa chomukayikira poti anali ataonapo kale alendo olanda anthu. Anaganiza zowoloka mozemba mumdima. Atawerenga kumapeto kwa uthenga wa Mateyu, anasintha maganizo. Kutacha anawolotsa anthu ake poyera, iye n'kukhala womaliza kulowa m'bwato, akuonetsa wotchi yake kwa amuna onyamula zida omwe anamuzungulira. Sindikuti anali woyera mtima pa zonse, ayi. Ndikuti tsiku limenelo anachita zimene anawerenga.

Boma la Portugal litathamangitsa Ajezuiti mu 1910, ansembe a ku Miruru anasiya nyumba zawo tsidya lija, nawoloka Luangwa kudzayambiranso ku Kapoche ndi ku Katondwe. Pambuyo pake ntchitoyo inagwera Ajezuiti a ku Poland. Mukamapita ndi mwana wodwala kuchipatala cha Katondwe lero, masisitere n'kumulandira, dziwani kuti mukudya zipatso za anthu omwe analandidwa zonse koma sanabwerere kwawo.

Mmodzi wa Ajezuiti a ku Poland amene anabwera pambuyo pake ndiye amandikhudza kwambiri: Adam Kozłowiecki. Anapulumuka m'ndende za Auschwitz ndi Dachau, nafika m'dziko lino mu 1946, ndipo mu 1959 anakhala Arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Mu 1969 anatula udindo kuti mwana wa dziko lino akhale pampandopo. Anthu akatula udindo wotere amapita kukapuma kwawo. Iye anapita ku Chingombe, m'chigwa cha Luano, kukakhala wansembe wamba wa kumudzi. Ukadinala unamupeza mu 1998 akadali m'maparishi a kumidzi, ndipo anamwalira kuno ku Zambia mu 2007. Ife, munthu akangochotsedwa pa usungichuma wa kwaya, Lamulungu lotsatira mumumva ali kumpingo wina, ati mzimu wamuuza.

Tsono tibwere pa ife. Akulu anati mapanga awiri avumbwitsa: mvula ikugwa, iwe uli pakati, sudziwa phanga lolowamo. Yang'anani msodzi akamakonzekera kupita pamadzi dzuwa litapendeka. Ukonde wapindidwa bwino, nkhafi ili paphewa, korona ili pakhosi. Akawerama kuti akankhe bwato, malaya akwera, ndipo m'chiuno muonekera kachingwe kakuda kokhala ndi chithumwa. Mukamufunsa, aseka: "Agogo, Mulungu athandiza wodzithandiza." Sindimunyoza. Ng'ona za muno zatenga anthu omwe timawadziwa mayina, ndipo mantha ake ndi enieni. Koma mwana wanga, tsiku lomwe udzabwerera wamoyo, udzathokoza yani? Ndipo mnzako akagwidwa, si chithumwa chomwecho chidzakutuma kwa sing'anga kuti akuloze amene watuma ng'onayo? Kawirikawiri chala chimagwera gogo wamasiye wopanda womuteteza. Pamenepo mkhristu wa Lamulungu wanyamula kale chibonga Lachitatu.

Kudzipereka kwathunthu kumayesedwa pamalo otere, osati m'nyimbo. Kumayesedwanso pa mlatho wa Luangwa, basi ya ku Chipata ikaima, amayi n'kuthamangira ndi madengu. Pamwamba pali nsomba zouma bwino, zazikulu, zonyezimira mafuta. Pansi pali zofumbwa, poti wogulayo sadzabweranso. Dzanja losanja dengulo ndi lomwelo lomwe limalandira Ukaristiya. Mudzati, tikasanja mwachilungamo, phindu lichepa. Lichepadi. Walira mvula walira matope, ndipo amene anakuuzani kuti kutsata Yesu kumachulukitsa makwacha anali ndi mbale yake yoti muponyemo.

Achinyamata mumandifunsa ngati mkhristu ayenera kusiya zonse za makolo. Ine ndimati ayi. Kulemekeza mfumu, kukhuza maliro, kuthokoza pa zokolola, kulera mwana wamasiye ngati wako, zimenezi Uthenga Wabwino unazipeza kuno ndipo sunazitsutse. Chofunika kusiya ndi chomwe chimakupangitsa kuopa mbale wako ndi kumupha ndi pakamwa. Ena asiya ng'oma ndi gule, ufiti wa miseche n'kuusunga. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Musadikire kuti bambo mfumu afike, pakuti midzi ndi yambiri ndipo misewu mukuidziwa mvula ikagwa. Akatekisiti ndi amayi a m'miphakati ndiwo asunga mapemphero muno zaka zonsezi, popanda malipiro ooneka. Mutu umodzi susenza denga. Chimanga chikayamba kukhwima, njovu zidzabwera monga mwa nthawi zonse, ndipo aliyense adzagona kumunda kwake ndi zitini zoomba ndi moto. M'mudzi uliwonse muli mayi wokalamba amene sangathenso kuchezera usiku. Mphakati ukhale pansi mwezi uno, ulembe mayina a anyamata, ugawe masiku olondera munda wake, ndipo mwana wa mfumu ndi wa katekisiti akhale oyamba pamndandandawo.