Galu wa pakhomo si mlonda waulere

Tchuthi chapitachi ndinapita kwa malume ku Nathenje ndipo Bingo sanandichingamire. Nditafunsa anangoti, "Anafa, anadya khoswe." Pofuna kupulumutsa chimanga, malumewo anasakaniza tameki ndi nsima n'kuika kuseri kwa matumba. Khoswe anadya, n'kutulukira panja akudzandira, Bingo n'kumutola. Posakhalitsa galuyo anayamba kutuluka thovu kukamwa. Pabwalo pomwepo ndi pamene kamdzukulu kawo ka zaka ziwiri kamasewera tsiku lililonse, koma palibe amene anaganizirako zimenezo.

Ambirife kwathu kuno galu timamufuna usiku basi, kuti auwe akuba akamazungulira khola la mbuzi kapena chigafa cha fodya. Kukacha adzionere yekha. Chakudya chake ndi mkute ngati watsala, madzi akamwe ku bafa komwe kwadikha za sopo. Kenako timadabwa akamakafukula kudzala kapena kuyendayenda pamsika wa Mitundu kusaka mafupa a pachiwaya. Kumeneko amakalumana ndi agalu osadziwika, madzulo n'kubwera kudzanyambita mbale zimene tasiya pansi.

Apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya galu yekha. Bungwe la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka padziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa agalu. Zizindikiro zikayamba kuoneka, munthu sachira. Akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akabayidwa katemera, matendawa amasiya kufalikira. A zaziweto a boma komanso a LSPCA ku Lilongwe amachititsa makampeni a katemerayu, makamaka chakumapeto kwa September poti pa 28 ndi tsiku lokumbukira za chiwewe. Koma galu wozolowera kuyendayenda, amene amathawa ngakhale mwini wake poopa miyala, mumugwira bwanji patsikulo?

Wina anena kuti anthu akugona ndi njala, iwe ukukamba za agalu. Ndikumva. Koma zimene ndikunena sizifuna ndalama za ku Area 10. Phala la madeya silidula. Chigubu chodula pakati chimasunga madzi abwino. Mabotolo a mankhwala a fodya ndi a tomato akhale pamwamba, otsekedwa, osati kutayidwa kuseri kwa nyumba. Dzala likwiriridwe. Chimbudzi cha galu chichotsedwe pabwalo m'mawa, chifukwa mazira a njoka za m'mimba amatsalira m'dothi momwe ana amaumbiramo zidole. Makoswe atchereni msampha. Ndipo chonde, kumangirira galu pamtengo padzuwa tsiku lonse ati kuti akhale wolusa ndi nkhanza chabe. Woyamba kulumidwa amakhala mwana wa pakhomo pomwepo.

Chimandiwawa n'chakuti pafupi ndi Mitundu pali Bunda, komwe LUANAR imaphunzitsa madokotala a ziweto, koma nzeruzo sizidutsa geti. Ife ophunzira, kaya a maphunziro anji, timapita kumudzi katatu pachaka ndipo makolo amatimvera kuposa mlendo wa pagalimoto. Tingawauze kuti galu akaluma munthu, bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono.

Malume atenganso kamwana ka galu kwa aneba. Ndisanabwerere kusukulu ndinawagulira misampha iwiri, ndipo tameki wotsala uja tinakamukwirira kutali ndi chitsime.