Njira za Makolo Zisafe ndi Eni Ake

Sabata yatha ndinapita ku komboni ya Chibolya mu Lusaka kukazonda akulu ena a kwathu ku Petauke amene miyendo yayamba kuwakana. Tili kuceza pakhonde, mdzukulu wao anatisimbira za alendo a maiko akutali amene amalipira ndalama zambiri kuti akwere phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, lotalika mamita 5,895, kapena kuti ayende pansi m'nkhalango ya Luangwa, kumene malemu Norman Carr anachukitsa maulendo otere. Akuluwo anaseka nati, "Mdzukulu wanga, atate anayenda ulendo woposa umenewo, koma palibe anawajambula."

Mau amenewa ndi oona, owerenga anzanga. Kampani ya British South Africa Company itaika msonkho wa nyumba m'dziko la Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, amuna ambiri anasowa kopezera ndalama kwao. Motero ananyamuka m'magulu kukafuna nchito ku mapulazi ndi ku migodi ya Southern Rhodesia, dziko limene lichedwa Zimbabwe kuyambira 1980.

Katundu wao anali thumba la ufa, kamphika, nkhwangwa ndi mkondo. Ocokera ku Petauke anali kutsika mapiri kulowa m'cigwa ca Luangwa, mmene muli dzuwa loocha ndi nchenche zopatsa matenda a kaodzera. Usiku anali kusonkha moto waukulu ndi kulonda mosinthana poopa mikango. Pa Feira, pamene tsopano pali boma la Luangwa, anali kuoloka Zambezi pa bwato, kufupi ndi dooko la Angoni a Zwangendaba la mu 1835. Tsidya linalo kunali kuwadikira mapiri ena asanaone Salisbury. Ena anatsala m'njira, manda ao osadziwika. Ena anafika koma osabwerera, nasanduka macona.

Lero basi yonyamuka mu Lusaka m'mawa imaoloka mlatho wa Luangwa, womangidwa mu 1968, ndi kufika ku Chipata tsiku lomwelo. Nzabwino zimenezo. Koma codandaulitsa ndi cakuti akulu a ku Chibolya aja, pofuna kuchula midzi imene atate ao anagonamo, anakumbukira iwiri yokha. Anthu amene anayenda maulendowa anatha pafupifupi onse, ndipo ana ao amene anamva nkhanizi pamoto nawo akalamba.

Cifukwa cace ndipempha inu a kumidzi: madzulo ano, mwana wa sukulu atenge kope ndi pensulo, akhale pansi pamaso pa agogo ace. Afunse mwaulemu kuti ulendo unayambira kuti, anaoloka mitsinje iti, anali ndi yani, ndipo ndani amene sanabwerere. Aphunzitsi ndi mafumu athandize kusunga zolembazo. Mau a akulu akoma akagonera, koma akapanda wowasunga amapita nawo kumanda.