Njerwa Sizibala Chimanga

Pamene likulu la dziko la Malawi linasamuka ku Zomba kupita ku Lilongwe m'chaka cha 1975, mzindawo unali waung'ono. Kalembera wa 1977 anapezamo anthu osakwana 100,000, koma wa 2018 anapeza pafupifupi 990,000. Khamu lonseli lifuna pogona, ndipo pogonapo pakudulidwa m'minda ya alimi. Choipitsitsa n'chakuti chigwa cha Lilongwe ndicho nkhokwe ya dziko, chifukwa nthaka yake yachonde imabereka chimanga, mtedza ndi fodya. Kumanga nyumba pa nthaka yotere ndiko kugwetsa nkhokwe pofuna nkhuni.

Aliyense woyenda mumsewu wa ku Mchinji, cha kwa Njewa ndi ku Chitipi, angathe kuona mipanda ya njerwa pamene kale panali mizere. Munda umene unadyetsa mbumba kwa mibadwo ukugulitsidwa tsiku limodzi, kawirikawiri ndi mwinimbumba wadyera kapena mfumu yosusuka, amayi ndi ana osafunsidwa n'komwe. Ndalamazo zimaoneka zambiri, koma chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Munda umabala chaka ndi chaka. Ndalama zimadyedwa kamodzi. Zikatha, mwini munda uja amasanduka waganyu woumba njerwa, mwinanso mlonda wa nyumba yomangidwa pamene atate ake ankakolola. Amayi amene ankalima ndiwo kudimba amayamba kuswa miyala ndi kukumba mchenga. Msipu umatha, mitengo imathera mu uvuni, ndipo banja limene linkagawira anansi chimanga limayamba kugula ufa wa m'kathumba.

Ena amati chitukuko sichiletsedwa, ndiponso kuti mzinda umabweretsa misika ndi ntchito. Zoonadi mzinda uyenera kukula. Koma kodi ungakule cham'mbali mokha? Nyumba zosanjikizana zingasunge mabanja ambiri pa malo ochepa. Nanga misikayo idzagulitsa chiyani minda ikatha?

Khonsolo ya mzinda ndi ya boma la Lilongwe ziyenera kulemba malire oonekeratu, kupatula nthaka yachonde ndi madambo kuti pasamangidwe kanthu. Lamulo la malo a makolo la 2016 limalola mabanja kulembetsa malo awo. Alimi aphunzitsidwe kuligwiritsa ntchito. Wogulitsa munda wa mbumba mwamseri azengedwe mlandu. Dziko likapitiriza kulekerera, ana a alimiwa adzakhala alendo pa nthaka pamene pagona makolo awo.