Feteleza, zimbudzi ndi madzi a khanda

Mvula ikayamba ku Neno, alimi amathira yureya m'chimanga, zimbudzi nazo zimadzaza madzi. Fungo loswa mphuno la m'chimbudzi ndi la amoniya, ndipo yureya akasungunuka m'nthaka amatulutsanso amoniya yemweyo. Tizilombo ta m'nthaka timamusandutsa naitireti, amene amayenda ndi madzi mosavuta.

Wina amakokolokera mu Lisungwi ndi Wamkulumadzi, n'kutsikira mu Shire ndi Zambezi mpaka m'nyanja ya Indian Ocean. Kumeneko ndere zimamuyamwa, tizamoyo ndi nsomba n'kudya nderezo, ndipo ndowe zawo ndi zakufa zikaola zimabwezera amoniya m'madzi. M'nyanja amazungulira choncho, koma wina amalowa pansi n'kuunjikana m'zitsime zathu.

Chiopsezo chachikulu chili pa makanda osakwana miyezi 6. Naitireti akachuluka, magazi amalephera kunyamula okosijeni: mwana amada milomo ndi zikhadabo, n'kumapuma movutikira. Bungwe la WHO limati asapitirire mamiligalamu 50 pa lita ya madzi akumwa, komatu madzi otere amaoneka oyera ndipo sanunkha.

Pitirizani kuwiritsa madzi ndi kuthira kolorini popewa kolera, koma dziwani kuti naitireti sachoka nazo. Khanda limatetezeka likamayamwa bere lokha kwa miyezi 6. Chimbudzi ndi khola zikhale kumunsi kwa chitsime, mamita osachepera 30. Mavolontiya, mukaona khanda lada milomo, litumizeni msanga kuchipatala cha Neno kapena cha Lisungwi.