Maselo a ubongo m'kambale: tiyambe tafunsa kumene acokera

Asayansi tsopano akulera maselo a ubongo wa munthu m'timbale ta m'labotale. Ena mwa ife akamva zotere athamangira kunena kuti ndi za Satana. Ife tikuti tiyeni tiyambe tamvetsa.

Mu 1998, James Thomson wa ku Wisconsin, ku America, anakwanitsa kulera maselo ochedwa stem cells, amene angasanduke mbali iliyonse ya thupi. Koma anawatenga ku mluza wa masiku ocepa, ndipo mluzawo unawonongeka. Apa Eklezia sagwedezeka: moyo uyamba pamene mayi watenga pathupi, ndipo cikalata ca Dignitas Personae ca 2008 cinakana njira imeneyi.

Mu 2007, Shinya Yamanaka wa ku Kyoto, ku Japan, anaonetsa njira ina. Anatenga maselo a khungu la munthu wamkulu, naikamo majini anai, maselowo nabwerera ku ukhanda. Palibe mluza unafa. Analandira mphoto ya Nobel mu 2012. Mu 2013, gulu la Thomas Südhof ku Stanford linapeza kuti jini imodzi, NGN2, isandutsa maselo otere kukhala a ubongo m'masabata awiri cabe. Awa ndi maselo odzutsa anzawo, potumiza mankhwala ochedwa glutamate. Akadzutsana mopitirira muyeso, onse pamodzi, munthu agwa ndi kuphupha. Ndiye khunyu imeneyo.

Tilingalire bwino pamenepa. M'midzi mwathu mwana wa khunyu timupatsa mbale yakeyake, timuletsa sukulu, ndipo akagwera pamoto ena aopa kumugwira. Agogo osalakwa achulidwa mfiti. Pamene kwina munthu akuona ndi maso mphamvu ya magetsi ya maselo omwewo, nayesapo mankhwala popanda kuboola mutu wa wodwala. Khunyu siipatsirana ndi malovu.

Tivomereza nchito imeneyi, koma osati yonse. Malabotale ena akali kugwiritsa nchito maselo ocokera ku miluza, ndiye funso lathu likhale lakuti: anacokera kuti, ndipo mwini khungu kapena magazi anavomera?

Cinanso, maselo amenewa ndi ofufuzira, si mankhwala omwa. Wina akabwera pambuyo pa Misa ndi timapaketi tolembedwa “stem cell”, nati ticiritsa khunyu, sitiroko ndi shuga, musagulitse matumba a cimanga cifukwa ca iye. Mankhwala oletsa kugwa, monga phenobarbitone ndi carbamazepine, alipo kale. Pitani naye mwanayo ku kiliniki, ndipo asaleke kumwa popanda mau a dokotala.