Tsiku Limene Anyamata a Mpira Adagwadira Akuluakulu

Pamene dziko la Côte d'Ivoire lidang'ambika pakati m'chaka cha 2002, kumpoto kukhala m'manja mwa ankhondo oukira boma amene likulu lawo linali ku Bouaké, ndi kummwera m'manja mwa boma la Laurent Gbagbo, padatsala chinthu chimodzi chimene Msilamu wa kumpoto ndi Mkhristu wa ku Abidjan ankachitcha chawo popanda kukokana malaya, ndicho timu ya dziko ya mpira wa miyendo, imene eni ake amaitcha Njovu.

Ndipo kunali pa 8 Okutobala 2005, Njovuzo zitagonjetsa Sudan kwawo komwe ndi zigoli 3 kwa 1, nizipata mwayi wokapikisana nawo pa chikho cha dziko lonse kwa nthawi yoyamba, kuti Didier Drogba ndi anzake, ana a mitundu yosiyana ndi zipembedzo zosiyana, adagwada pansi m'chipinda chovalira, pamaso pa onse oonera kanema, nachonderera akuluakulu a dziko lawo kuti atule zida ndi kuchititsa chisankho. Mwana sadzudzula mkulu pabwalo, ichi tonse tichidziwa. Koma mwana amene wabwera chogwada, ndani angampirikitse? Patapita nyengo, Drogba adapemphanso kuti masewero a pakati pa Njovu ndi Madagascar akachitikire ku Bouaké komweko, ndipo mu Juni 2007 anthu a mbali zonse ziwiri adadzaza bwalo limodzi, nakondwerera pamodzi zigoli 5.

Pamenepa ndi pamene ine ndimasiyana nawo abale athu amene amasimba nkhaniyi ngati kuti mpira ndiwo udathetsa nkhondo. Pangano la mtendere lidasainidwa ku Ouagadougou mu Malichi 2007, Blaise Compaoré ali mkhalapakati, masewero a ku Bouaké asanachitike. Chisankho chimene anyamata aja adachigwadira chidazengerezedwa kufikira 2010, ndipo chitachitika, Gbagbo nakana kuvomera kuti Alassane Ouattara wampambana, mfuti zidaliranso, ndipo anthu okwana ngati 3,000 adatsikira kulichete. Akale adati mlandu suola. Funso lakuti nzika yeniyeni ya dzikolo ndani, ndi lakuti minda ya koko ndi ya yani pakati pa eni nthaka ndi obwera amene adailima zaka zambiri, silikadayankhidwa ndi chigoli, chingakhale chokoma chotani.

Komabe sindinganene kuti kugwada kuja kudapita pachabe, pakuti anthu amene adauzidwa kwa zaka zambiri kuti sangakhale pamphasa imodzi adadzionera okha kuti angathe, ndipo umboni wotero sufafanizika msanga. Mpira udasonkhanitsa adani pabwalo, nuwakhazika pansi. Udindo woweruza mlandu unali wa akuluakulu a ndale, ndipo iwowo ndiwo adalephera.